Mamita 400 amene sindinagule

Pansi pa mpando wa galimoto yanga pamakhala tepi yoyezera ya mamita 50. Sindine mmisiri kapena saveya, ndine munthu wa mu ofesi, wa mapepala ndi chidindo. Koma kuyambira Loweruka lomaliza la Epulo 2024, mnzanga akandiuza kuti wapeza puloti yotchipa, funso langa loyamba limakhala la njira. Kukula kwa malo, mtengo, mapepala, zonsezo ndimafunsa pambuyo. Anzanga kuntchito amati ndinalodzedwa ndi katapila, chimakina chokumba chija. Sindiwatsutsa.

Ndinagula ndili wapansi

Puloti yathu ili mbali ya ku Nkhorongo. Ukachoka m'tauni pa M1, kudutsa Luwinga, umapatukira msewu wafumbi, ndipo kuchokera pamene msewuwo umasiya kukhala msewu kukafika pa mabikoni athu pali mamita ngati 400. Tsiku lokaona malowo, mu 2021, ndinakwera sakaramento, njinga ya kabaza ya kuno ku Mzuzu, mpaka pamene mnyamata wake anati, "Apa tsikani bwana, mabuleki sangagwire." Kotsalako ndinayenda wapansi. Nditafika ndinaona zitunda zobiriwira kutsidya, kamphepo kakuwomba, ndipo m'mutu mwanga ndinali nditakhala kale pa khonde ndi kapu ya tiyi. Njira ndinaiponda ndithu, koma kuiona ayi.

Malo athyathyathya mu Mzuzu muno anatengedwa kale. Kalembera wa 2008 anapeza anthu osakwana 140,000 mumzinda uno, wa 2018 anapeza oposa 220,000. Onsewo amafuna pogona, ndiye ife obwera mochedwa tikugawana zitunda ndi m'mphepete mwa madambo. Yathu ndi ya mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi, ndipo pamene tinafuna kuika nyumba, kumtunda ndi kumunsi kumasiyana ndi mamita awiri. Mmisiri wanga atayendapo anapukusa mutu. "Apa ndi makasu, anyamata aganyu adya miyezi itatu, pali zitsa ndipo pansi ndi katondo wouma gwa. Itanani makina."

Makina sindinaitane nthawi yomweyo. Ndinayamba ndi chimene aliyense amayamba nacho, mpanda. Mukudziwa chifukwa chake: ukasiya malo osatchinga, chaka chamawa umapeza bikoni yasuntha yokha usiku, kapena wina wadzalamo chimanga n'kumakuuza kuti udikire akolole. Ndinamanga mpanda wa njerwa kuzungulira, n'kuika geti la mamita atatu pakati pa zipilala ziwiri zonenepa. Ndinalijambula, ndinatumiza kwa abale kumudzi.

Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mtengo wa simenti unkasintha ukadali pa mzere wolipira. Ndinatenga ngongole ku SACCO ya kuntchito, ndipo kuyambira tsiku limene ndalamayo inalowa, mtima unasiya kukhala m'malo. Tsiku lililonse limene ndalama yagona ku banki ndinkaona ngati chiswe chikuidya.

"Njira ilipo?"

Mwini makina ndinamupeza kudzera mwa mnzanga, ndipo anandifotokozera zonse mosabisa. Excavator, katapila wokumba woyenda pa matcheni, ya matani 20, kulipira pa ola, maola osachepera 8 patsiku kaya yagwira ntchito kaya yangoima, dizilo wanga, ndipo lowbed, chilole chonyamula makinawo, yobweretsa ndi yodzatenga ili ndi mtengo wakewake. Atatha izo anafunsa.

"Njira ilipo?"

"Ilipo bwana. Galimoto imafika mpaka pa geti."

Sindinaname. Ka Sienta kanga kamafikadi. Lole yaing'ono imene inkatuta njerwa za mpanda inkafikanso, ngakhale kuti tsiku lina inasiya galasi pa mpanda wa maluwa wa munthu wina, nkhani imene ndinasankha kuiwala pa foni paja.

"Bwanji opareta abwere adzaone kaye? Mungomupatsa ya mayendedwe ndi ya nkhomaliro."

Apa ndi pamene ndinadziona wochenjera. Ndinati anthu awa akufuna kuyamba kundidyera ntchito isanayambe. Ndinakana mwaulemu, n'kumutumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp. Zonse zitatu zinali za pulotiyo, chimodzi chili ndi geti langa lokongola lija. Cha njira panalibe ndi chimodzi chomwe.

Loweruka lija

Usiku wa Lachisanu kunagwa mvula. Kwathu ku Ntcheu, Epulo akamatha anthu amakhala ayamba kuganiza zokolola, dothi likuuma. Kuno ndakhala zaka 9, ndikudziwa kuti Epulo wa ku Mzuzu ndi mwezi wa mvula yeniyeni, Meyi amawazabe, Juni ndi Julaye kumakhala chifunga ndi kamvula kosaoneka koma konyowetsa. Kudziwa kwanga kunali kwa munthu wonyamula ambulera. Sindinakuganizire ngati munthu amene waitanitsa matani 20 a chitsulo pa katondo.

Lowbed inafika cha m'ma 8 koloko n'kuima pa okala, pamene njira yathu imapatukira. Dalaivala anatsika, anayang'ana pokhota, manja m'chiuno. Mkati mwa konayo muli pholo la magetsi, kunja kwake mpanda wa njerwa wa munthu. Chigalimoto chake ndi ngolo yake, kutalika kwake kuposa ma Sienta anayi atandondozana.

"Apa bwana, ngakhale mutandipatsa ng'ombe, sindingakhote."

Tinagwirizana kuti makina atsikire pomwepo, otsalawo ayende okha. Opareta, bambo wachikulire wa imvi za apo ndi apo, anayang'ana njirayo nthawi yaitali asanakwere. Ndinaona, koma ndinayang'ana kumbali.

Chimakinacho chitatsika, ana a dera lonse anatuluka. "Katapila! Katapila!" Chinkayenda ngati munthu wokalamba, matcheni akulira kwetche kwetche, pansi pakunjenjemera mpaka m'mano. M'mbuyo mwake njira imene anthu akhala akuisamala ndi zidutswa za njerwa inkasanduka mizere iwiri ya phala lofiira. Ine ndinali patsogolo, kukodola ndi dzanja ngati ndikudziwa chimene ndikuchita.

Choyamba kukumana nacho chinali waya wa magetsi wodutsa pamwamba pa njira kulowa m'nyumba ina. Mnyamata wina anathamangira nsungwi kuti aukankhire m'mwamba. Opareta anakuwa mawu amene sindingawalembe pano, mnyamatayo n'kutaya nsungwi. Kenako anapinda mkono wa makina, baketi n'kutsala pang'ono kukhula pansi, anakwawa mpaka anadutsa. Ana anawomba m'manja. Inenso mumtima ndinati mwaona, anthu amangokokomeza zinthu.

Titayenda mamita ngati 150 ndinangomva phwaa! Madzi tsaa m'mwamba, kenako kuwiri, kenako kutatu. Mapaipi atatu akuda, ochepa ngati mpini wa khasu, opita ku nyumba za kumunsi. Mvula ya zaka zambiri inali itakokolola dothi la pamwamba pake, anatsala ndi kadothi kongophimba maso. Galimoto zazing'ono zinkadutsapo osavuta. Matcheni anangowadula ngati mpeni pa nthochi.

Loweruka m'mawa, tsiku lochapa. Azimayi anatuluka manja ali thovu. Chitumbuka ndimamva, koma cha tsiku limenelo chinkathamanga kuposa makutu anga. Ine n'kumangobwereza mawu amodzi, "Ndilipira, ndilipira, musadandaule ndilipira," osadziwa kuti mawu amenewo ndi amene akuwonjezera moto.

Phokoso linatsika lokha pamene agogo ena anatulukira pa nthochi. Aafupi, juzi yobiriwira, zitenje ziwiri, ndodo m'manja. Nyumba yawo ndinkaidutsa zaka zitatu, moni wanga unali wokweza dzanja pa windo la galimoto. Anabwera n'kuima kutsogolo kwa makina, pamene madzi ankayenderera pa mapazi awo.

"Monire adada."

Ndinayankha ndi manyazi. Ataona Chitumbuka changa chopunduka anasinthira ku Chichewa kuti andithandize.

"Chinthu ichi chikupita kuti?"

"Ku puloti yanga agogo, kumunsiko."

"Chidutsa pati?"

Ndinaloza kutsogolo. Iwo sanayankhe, anangokodola opareta kuti atsike. Tinawatsatira atatu mpaka pamene njira imapanikizika, mbali ina mpanda wa maluwa uja unadya galasi la lole, mbali ina nthochi zawo. Opareta anayeza ndi mapazi. Masitepe atatu sanakwane. Anati kuti adutse, tcheni chimodzi chiyenera kukwera mbali ya nthochiyo.

Agogo anapita pamenepo, anaimika ndodo yawo pa udzu, n'kuitsamira ndi dzanja limodzi. Ndodo inalowa ngati mu nsima, mpaka theka.

"Apa panali chimbudzi. Tinakwirira chaka chimene anatisiya abambo akuno. Muli zinyalala ndi dothi la pamwamba basi."

Kumunsi kwa dzenjelo, masitepe anayi okha, kunali khoma la nyumba yawo ya zidina.

Opareta sananene kanthu. Anabwerera ku makina, anakwera, anazimitsa injini. Kunangoti zii, kumveka madzi okha akutuluka m'mapaipi. Chete ameneyo ndimamumvabe.

Ndinamutsatira. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma ndinati, "Madala, tayesani pang'onopang'ono, mwina chidutsa."

Anandiyang'ana ali pamwamba pomwepo. "Bwana, chikapendekeka apo chigonera nyumba ya agogowa, ine ndili m'kati. Inu mudzakhala mutaima uko ndi foni."

Nditatembenuka, agogo anali akupukuta ndodo yawo pa udzu. Anayankhula osakweza mawu, ngati akundiuza mtengo wa tomato. Njirayi, anati, amuna awo anaidula ku munda wawo kuti galimoto izifika kukakhala matenda kapena maliro. Anthu atayamba kugula malo kumunsi, iwo sanatseke, chifukwa munthu sutsekera mnzako njira. "Koma sitinagulitse, mwana wanga. Amene anakugulitsani malo anakugulitsani kumunsiko. Kuno mumangodutsa."

Sukulu ya pa okala

Kubweza makina kunatenga ola lathunthu, chifukwa njira inali itasanduka dambo. Lowbed inali itapita ku ntchito ina, inati ibwera 3 koloko. Ndinaimbira pulambala, ndinatuma mnyamata wa kabaza kukagula zolumikizira mapaipi m'tauni, kenako ndinakhala pa benchi la pa okala ndi opareta. Ndinamugulira Fanta ndi mabanzi awiri, yomwe ija ya nkhomaliro ndinakana sabata yapitayo.

Sanandinyoze. Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi.

Anati iye akapita kukaona ntchito, puloti amaiona pomaliza. Amatsika pa tala, n'kuyenda wapansi njira yonse, maso pansi, maso m'mwamba, maso m'mbali. Makina ngati amenewa m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamita atatu, ndiye pamafunika malo oposa pamenepo kuti asakhule khoma la munthu. Ndinamuuza za geti langa. Anaseka mpaka kutsamwa. "Ndiye tikanadutsa pa agogo, tikanakathera pa zipilala zanu." Akakwera pa lowbed, anati, msinkhu wake umafika mamita anayi, choncho waya aliyense ndi nthambi iliyonse panjira ndi nkhani. Ndipo pa mawaya akuluakulu aja magetsi sadikira kuti uwakhudze, amadumpha.

Chimene chinandidabwitsa ndi ichi. Ine ndinkaopa chimakinacho chifukwa cha kukula. Iye anati chimenechi n'chofatsa, kulemera kwake kumagawanika pa matcheni aatali ndi otambalala, n'chifukwa chake chimayenda pa matope pamene galimoto singayende. Mdani weniweni wa njira ndi tipa. Tipa yodzaza dothi lonyowa imaposa matani 20, ndipo kulemera konseko kumatsikira pa timalo tating'ono pamene matayala agunda pansi. Katapila amadutsa kawiri, polowa ndi potuluka. Tipa imadutsa tsiku lonse.

"Dothi mukudulalo likupita kuti?"

Ndinalibe yankho. M'mutu mwanga dothi linkangosowa lokha.

Anandiwerengera pansi pomwepo. Malo a nyumba mamita 15 ndi 12, kutsetsereka mamita awiri. Kudula zonse kuti pakhale thyathyathya ndi makyubiki mita 180. Dothi likakumbidwa limafufuma, limawonjezera ngati gawo limodzi la magawo anayi, ndiye tinene 225. Tipa yonyamula makyubiki 10 iyenda maulendo oposa 20 yodzaza, ndi ena oposa 20 yopanda kanthu, pamwamba pa mapaipi a anthu ndi pa dzenje la agogo. Nanga ikalowa itembenukira pati? Kapena ibwerera chammbuyo mamita 400 okwera?

Ndinati ndiye tingolikankhira kumunsi kwa puloti, timangepo. Anapukusa mutu. Dothi lothira silinyamula nyumba pokhapokha litathiridwa pang'onopang'ono, masentimita 15 kapena 20, kutsendera, kuthiranso, kutsenderanso. Ukangoliunjika limakhala likutsika lokha zaka ndi zaka, khoma n'kumang'ambika. Maziko ayenera kufika pa dothi limene silinasunthidwepo. Dothi lakuda la pamwamba lija amalikokera pambali poyamba, ndi la dimba, si la pansi pa nyumba. Ndipo ntchito amayambira ku mapeto a puloti n'kumabwerera ku geti, kuopa kudzitsekera wekha m'kati.

Pomaliza anafunsa za madzi. Ukadula chitunda, madzi amene ankalowa pansi pa udzu amayamba kuthamanga, ndipo amathamangira kwa amene ali kumunsi kwako. Apa sanafunike kufotokoza zambiri. Tonse tinalipo mu Epulo 2016 pamene mvula inagwa masiku otsatizana, nyumba n'kumagwa ku Masasa ndi madera ena a mzinda uno.

Lowbed inabwera 4 koloko itadutsa. Ndinalipira ulendo wobwera, ulendo wobwerera, maola 8 a makina amene sanakumbe ngakhale fosholo imodzi, pulambala, mapaipi, ndi anyamata anayi okonza njira mawa lake. Ndalama ya theka la malata inathera pamenepo. Kunyumba mayi a ana anamvetsera nkhani yonse ali chete, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Anthuwo munawauza kuti kubwera chinthu chimenecho?" Mwambi wa safunsa uja sanaunene. Unangokhala pa tebulo pakati pathu.

Miyezi inayi ya m'makomo

Kuyambira pa okala kufika pa geti langa pali nyumba 11. Ndinaziwerenga koyamba mu Meyi, nditagula malo zaka zitatu zapitazo.

Ndinayambira kwa agogo, ndi shuga ndi sopo m'jumbo, mayi a ana ali pambali panga. "Phepani chomene" ndinaliyeserera m'galimoto. Anatilandira, anatipatsa mpasa, anafunsa kwathu, anafunsa ana. Nkhani ya njira sitinaikhudze tsiku limenelo, ndipo ndikuganiza kuti ndi chinthu chanzeru choyamba chimene ndinachita pa nkhani yonseyi. Inadzabwera ulendo wachitatu, a block leader alipo.

Ndalama agogo anakana. Anati nthochi za m'mphepete tingadule, zimaphukanso. Chimene ankafuna ndi ngalande. Chaka chilichonse madzi a mu njira ankalowa pabwalo pawo n'kumanyambita khoma, ndipo analibe wowakumbira. Tinagwirizana kuti dzenje lija tifukule zofewa zonse, tithiremo miyala ndi zidutswa za njerwa motsendera, ndipo ngalande idutse kumtunda kwa nyumba yawo mpaka kukataya madzi kumene kulibe khomo la munthu.

Ena sanali ofewa chotero. Mwini mpanda wa maluwa anatchula mtengo ngati maluwawo amabereka golide, ndipo anakumbutsa za galasi la lole lija, limene ine ndinkayesa kuti ndi ife tinaluza. Tinakambirana maulendo atatu. Bambo wina, mphunzitsi wopuma, anati savomera kanthu popanda kalata yosainira kuti ndidzakonza njira ntchito ikatha. Tsiku limenelo ndinamuona wovuta. Lero ndikanakhala iye ndikanafunsa zomwezo, ndi chidindo pamwamba.

Ndinapita ku Northern Region Water Board kukafunsa kumene paipi yaikulu imadutsa, kuti tisadzakumbe ngalande pamwamba pake. Mapaipi atatu aja tinawatsitsa pansi n'kuwalowetsa mu paipi ina yokulirapo pamene amadutsa njira. Waya uja mwini nyumba anakanena kwa a magetsi, anadzaukweza. Pamalo ena pamene madzi amadula njira tinaika kalavati, ndipo apa nyumba zinayi zinasonkha nawo, chifukwa nawonso anatopa ndi kusiya galimoto kumtunda nthawi ya dzinja.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipsetsabe mtima. Ogulitsa malo ambiri amadula mapuloti mpaka mita yomaliza, njira n'kuisiya ya mbuzi, chifukwa njira siigulitsidwa. Lamulo la mapulani a malo, Physical Planning Act la 2016, linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko, ndipo mumzinda muno pulani ya nyumba imayenera kudutsa ku khonsolo. Koma lamulo lingatani ngati ife ogula tikupereka ndalama Loweruka madzulo, pansi pa mtengo, tisanafunse kuti lole ya mchenga idzalowera kuti? Ine ndinatero. Ndilibe pothawira.

Mu Ogasiti ndinamuitana opareta uja, ndinamulipira ya mayendedwe ndi ya nkhomaliro mosanyinyirika. Tinayenda njira yonse ndi tepi. Pothera pake anandiuza chimene mwini makina mwina sakanakonda kumva: excavator isabwerenso. Anati ndipeze TLB, ija ya matayala yokhala ndi baketi kutsogolo ndi mkono kumbuyo. Imalemera matani ngati 8, m'lifupi siifika mamita awiri ndi theka, imabwera yokha pa msewu popanda lowbed. Imachedwa, koma imafika. Anandiuzanso kuti ndikakambirane ndi wojambula pulani, nyumba ikhale ya masitepe, zipinda zogona kumtunda, pabalaza ndi khitchini kumunsi, kuti tidule pang'ono malo awiri m'malo modula chitunda chonse.

Geti lokha silinapulumuke. TLB ikanalowa, koma tipa pokhota kuchokera mu njira yopapatiza ikanatenga chipilala. Ndinaima n'kumaonerera anyamata akugwetsa chipilala chimodzi ndi mamita awiri a mpanda umene ngongole yake ndinali ndisanamalize. Njerwa zake zinakathera m'dzenje la agogo.

Seputembala

TLB inafika Lachiwiri m'mawa, kunja kuli fumbi, katondo atauma ngati simenti. Nyumba zonse 11 zinkadziwa tsiku ndi nthawi. Agogo anatulutsa kampando n'kukhala pafupi ndi pamene panali nthochi, ndodo pa miyendo. Makina atadutsa anapita kukaponda pamalopo ndi phazi, anagwedeza mutu, n'kubwerera m'nyumba.

Ntchito inatenga masiku anayi. Dothi lotuluka linakwana maulendo 6 a tipa yaing'ono, ndipo atatu mwa amenewo anathera mu njira yomweyo, pamwamba tinathira dothi la miyalamiyala. Musaganize kuti zonse zinayenda ngati madzi. Ulendo wachinayi tayala la kumbuyo linatitimira pafupi ndi kalavati, pamalo pamene pansi pamatuluka kasupe ngakhale m'chilimwe. Palibe anatiuza, ndipo ifenso ndi tepi yathu sitinaone. Tinatsitsa theka la dothi ndi mafosholo, TLB n'kudzaikoka. Pa malo odulidwa tinadzala udzu wa vetiva mvula yoyamba itangogwa, ndipo kumunsi kwa mpanda ndinasiya mabowo ndi ngalande yolondolera madzi ku dambo.

Nyumba tinalowa isanathe, monga amachitira aliyense. Denga la mbali imodzi linadikira miyezi isanu.

Mwezi watha kunabwera mnyamata pa geti, wovala bwino, kiyi wa galimoto akuzunguza pa chala. Wagula puloti kumunsi kwathu, yotsetsereka kuposa yathu. Amafuna kungondidziwitsa kuti sabata yamawa kubwera makina, adutsa m'mbali mwa mpanda wanga. M'mbali mwa mpanda momwemo, mita imodzi kuchokera pa khoma, ndi mmene muli thanki ya chimbudzi chathu.

"Makina anji, achimwene?"

"Excavator, yaikulu ija. Ndawauza kale kuti njira ilipo, galimoto imafika."

Mayi a ana anali pa windo la khitchini, ndinamva mbale itasiya kulira. Ndinamuuza mnyamatayo kuti adikire pang'ono, ndinapita ku galimoto kukatenga tepi. Pakati pa mpanda wanga ndi mtengo wa mapeyala wa aneba tinapeza mamita 2.7. Anayang'ana tepiyo, anayang'ana foni yake, n'kufunsa ngati mtengowo uli ndi mwini wake.

Ndinamuuza kuti tiyambire kwa agogo, ndipo asapite chimanjamanja. Panopa dipoziti walipira kale, ndipo mpaka lero sanandiyankhe ngati opareta wake abwera kudzayenda njirayi kapena ayi.